Zomwe ndinakumana nazo pochita masters ya zamagetsi ku South Africa

Anyamata ndi atsikana angapo omwe anamaliza digiri ya uinjiniya wa zamagetsi akhala akundifunsa ngati n'kwanzeru kusiya ntchito n'kupita kunja kukachita masters. Pa WhatsApp sindimatha kuyankha mokwanira, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe mmene zinayendera. Ine ndinapita ndipo digiriyo ndinabwera nayo, koma maphunziro omwe pa kalata anali a zaka ziwiri ananditengera zitatu, ndipo chaka chachitatucho ndinachilipira ndi ngongole. Chomwe chinandichedwetsa kwambiri n'chakuti kafukufuku wanga yense anatsamira pa zinthu zomwe zinali m'manja mwa anthu ena.

Nditamaliza ku Poly, komwe pano kukutchedwa MUBAS, ndinalembedwa ntchito yoika magetsi a sola m'zipatala zazing'ono, m'masukulu ndi m'misika yakumudzi. Pamsika wina panali gridi yaing'ono ya sola ndi mabatire, yopereka magetsi m'magolosale, mometera tsitsi, motchajira mafoni, komanso pachigayo chimodzi. Wapachigayo akangodina batani, mababu onse ankaphethira, mafiriji n'kusiya kulira, ndipo masiku ena inverter (makina osintha magetsi a m'mabatire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba) inkadzizimitsa, msika wonse n'kuchita mdima. Chifukwa chake n'chodziwika. Mota ya chigayo ikamadzuka imakoka current (magetsi oyenda m'waya) yochuluka ka 5 mpaka ka 7 kuposa yomwe imakoka ikakhazikika. Jenereta ya dizilo imapirira kukoka kotereku kwa masekondi angapo, koma ma transistor, omwe ndi masiwichi a mu inverter, amatentha msanga, choncho makinawo amadziteteza pozima. Anthu pamsikapo ankati sola ndi yoyatsira mababu basi, ntchito zenizeni siingazithe. Mawu amenewa ankandiwawa, ndipo ndi amene anandipatsa njala yobwerera kusukulu.

Ndinasankha South Africa chifukwa kuli malabu a power electronics okhala ndi zipangizo zomwe ife tinkangoziona m'mabuku, komanso fizi yake Mmalawi angathe kuiyandikira. Pangano la SADC la zamaphunziro, lomwe linasainidwa ku Blantyre konkuno mu 1997, limati wophunzira wochokera m'dziko la SADC azilipira mofanana ndi mwini dziko. Pa fizi ya maphunziro zimatsatidwadi. Koma pamwamba pake pali ndalama ina yomwe wakunja amalipira chaka chilichonse, ndipo mayunivesite ambiri amafuna kuti wakunja apereke gawo lalikulu la fizi asanalembetse n'komwe.

Muzifunsanso kuti masters yake ndi yotani. Ilipo ya makosi, yomwe mumalowa m'kalasi, kulemba mayeso, n'kumaliza ndi pulojekiti yaing'ono. Ilipo ina ya kafukufuku yekhayekha, yopanda kalasi, yopanda mayeso, imene digiri yonse imagona pa thesisi imodzi. Ine ndinatenga yachiwiriyi chifukwa ndiyo inali ndi thandizo la ndalama. Masukolashipu a Beit Trust ndi Canon Collins, omwe Amalawi amaloledwa kufunsira, amatseka miyezi yambiri chaka cha maphunziro chisanayambe, ndipo pamene ndinkawamva nthawi inali itadutsa kale. Ndalama za boma la South Africa zodzera ku NRF, bungwe lothandiza kafukufuku, zimapita makamaka kwa nzika, akunja amagawana kachigawo kochepa. Chomwe ndinapeza ine ndi bursary ya pulojekiti ya aprofesa omwe anavomera kundiyang'anira: fizi, ndi kandalama ka mwezi ndi mwezi, kwa miyezi 24. Funso lomwe ndikanakonda wina akanandiuza kuti ndifunse ndisanasaine ndi lakuti mwezi wa 25 ukafika thesisi isanathe, amalipira ndani.

Mapepala anandidyera theka lachiwiri la 2021. Digiri yakunja iyenera kuyamba yaunikidwa ndi SAQA, bungwe lomwe limanena kuti pepala lanu likufanana ndi mlingo uti wakumeneko, ndipo masters imafuna mlingo 8. Iwo amafunsa kuyunivesite komwe munaphunzira kuti atsimikize, choncho pitani nokha mukaonetsetse kuti yankho latumizidwa. Viza ya maphunziro imafuna kalata yokulandirani, kalata yakupolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, lipoti la dokotala, umboni wa ndalama, ndi medical aid yolembetsedwa ku South Africa komweko. Inshulansi yakwathu salandira. Yanga ndinalipira ya chaka chonse pakamodzi, pafupifupi R6,000, ndalama yomwe sinali m'bajeti yanga. Ndipo musamvere omwe amati ingolowani ndi masiku 30 omwe Amalawi amapatsidwa paboda, mukasinthire komweko. Lamulo silolola kusintha viza ya mlendo kukhala ya maphunziro muli m'dzikomo. Mumafunsira muli kwanu.

Ndinanyamuka kumayambiriro kwa Febuluwale 2022 pa basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge. Kumapeto kwa Januwale namondwe wa Ana anali atawononga Kapichira, dziko n'kutaya ma megawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ku Blantyre anayamba kuzima maola ambirimbiri. Mayi akunyumba ankadalira firiji pa bizinesi yawo ya mafirizesi ndi nkhuku zoduladula. Tinali titawerengera kuti bizinesiyo ndiyo isamale pakhomo ndi mwana ine ndili kusukulu. Masamu amenewo anagwa ndisanatsike n'komwe pa Park Station ku Johannesburg.

Miyezi yoyamba inali yokoma, ndisaname. Ndinapatsidwa desiki mu labu, kompyuta yokhala ndi pulogalamu ya masamu ya MATLAB, ndi mwayi wowerenga mapepala onse a kafukufuku a mu nkhokwe ya pa intaneti ya IEEE Xplore. Koma m'maphunziro amenewa palibe amene amakuuza kuti lero uchite chakuti. Aprofesa anali ndi ophunzira ambiri, makalasi ndi maulendo, ndipo ukapanda kugogoda wekha mwezi umatha osaonana nawo. Ife tinakula ndi mwambo wodikira kuti wamkulu atiitane. Mu labu mwambo umenewo umadya nthawi. Anzanga akumeneko ankatumiza imelo Lolemba lililonse yonena zomwe achita ndi pomwe akakamira, ndipo ndi amene ankathandizidwa msanga. Pemphani tsiku lokhazikika lokumana ndi okuyang'anirani, ndipo mukatuluka mu ofesi lembani imelo yachidule ya zomwe mwagwirizana.

Mu proposal ndinalemba kuti ndidzagwiritsa ntchito manambala enieni a gridi ya pamsika uja. Ndisanachoke kumudzi, bwana wina wa bungwe lomwe linkayendetsa gridiyo anandiuza kuti, "Zimenezo musadandaule achimwene, deta yonse ilipo, tidzakutumizirani." Tinagwirana chanza, ine n'kutenga mawuwo ngati pangano. Nditayamba kufunsa, poyamba ankati wosunga mafayilo ali ku field. Kenako anati nkhaniyo iyenera kudutsa kwa omwe anapereka ndalama za pulojekiti. Kenako ndinamva kuti bwana uja anasiya ntchito, ndipo amene analowa m'malo mwawo sankandidziwa. Ndinadikira kuchokera mu Epulo mpaka mu Okutobala, ndikuwerenga mapepala, ndikudziuza kuti sabata yamawa ibwera. Akuluakulu ananena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Fayilo itafika ndinaitsegula mtima ukugunda. Munali mizere masauzande, koma mzere uliwonse unali avereji ya mphindi 15. Mota ya chigayo imadzuka m'masekondi ochepa, ndipo kugwa kwa voteji komwe kumazimitsa inverter kumachitika m'timagawo ta sekondi. Magetsi athu amazungulira ka 50 pa sekondi, kutanthauza kuti funde limodzi limatenga mamilisekondi 20. Mu avereji ya mphindi 15 zonsezi zimamira osaoneka. Manambalawo anali abwino powerengera mayunitsi omwe agulitsa pa tsiku, koma pa funso langa analibe ntchito. Chomwe chinkafunika chinali power quality analyser yomangirira pa waya wa chigayo, yojambula funde lililonse mota ikamadzuka. Usiku umenewo ndinakhala pabedi osadya, ndikuganiza za miyezi yomwe yapita. Ngati kafukufuku wanu akudalira deta ya eni, pemphani kafayilo kachitsanzo proposal musanalembe, muone ndi maso anu kuti amayeza chiyani komanso pakapita nthawi yaitali bwanji. Chilolezo chikhale pa kalata ya bungwe, yosainidwa, osati pakamwa pa munthu mmodzi. Ndipo mu proposal momwemo lembani njira yachiwiri yomwe mudzatsate deta ikalephereka.

Nthawi yomweyo ndalama inali itayamba kale kuvuta. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo m'mabanki forex inkasowa. Kandalama komwe tinasunga kuti kadzatithandize zikavuta kanatha mphamvu kali mu akaunti. M'malo moti kumudzi azindithandiza, ine ndi amene ndinayamba kudula pa bursary n'kumatumiza. Ndinachoka m'chipinda cha R3,500 pamwezi n'kukagawana china ndi mnzanga wa ku Zambia. Tinkaphika nsima ndi kabichi kapena mazira, ndipo pa chakudya sindinadandaule. Chomwe chinkandisowetsa tulo chinali mawu a mwana pa foni akufunsa kuti adadi mubwera liti.

Pofuna kupulumutsa chaka ndinaganiza zomanga inverter yangayanga mu labu, kuti manambala ndizipanga ndekha. Apa ndinagwa m'vuto lina. Dziko lonse lapansi linali pa kusowa kwa ma chip komwe kunayamba m'nthawi ya Covid-19. Microcontroller (chip yolamulira inverter) yomwe ndinajambulira bolodi langa, ogulitsa ankalemba kuti ipezeka pakatha pafupifupi chaka. Ndinasankha ina n'kujambulanso bolodi lonse. Kugula ndi ndalama za pulojekiti kumafunanso makoteshoni ndi masiginecha, ndipo Disembala akafika maofesi amatseka mpaka chaka chatsopano. Yang'anani kaye zomwe zilipo m'sitolo musanajambule bolodi, ndipo ma MOSFET (mtundu wa ma transistor) ndi ma gate driver (ma chip owayatsa ndi kuwazimitsa) gulani oposa omwe mukufuna.

Ndinayesa koyamba pa voteji yokwera mu Malichi 2023. Pa voteji yotsika zonse zinkayenda bwino, funde pa oscilloscope, makina oonetsa funde la magetsi, lili losalala. Ndinkakweza pang'onopang'ono, dzanja lili pa batani. Nditangolumikiza mota kunamveka phwaa! Kautsi kanakwera, labu yonse n'kununkha pulasitiki wopsa. Ma MOSFET awiri a mwendo umodzi anali atang'ambika pamwamba, kachidutswa kakuda katagwera pa kiyibodi. Ndinaima chilili, miyendo ikunjenjemera.

Katswiri wa mu labu, bambo wachikulire amene anagwira pamenepo zaka zambiri, anabwera osathamanga. Asanandilole kukhudza chilichonse anayamba ayeza ma capacitor ndi mita, chifukwa amasunga mphamvu yopha munthu ngakhale mutazimitsa kale. Kenako analoza timawaya tanga topita ku gate (polowera chizindikiro choyatsa ndi kuzimitsa MOSFET), tomwe tinali tatitali komanso todutsa pafupi ndi mawaya a mphamvu. Mu inverter, mwendo uliwonse uli ndi masiwichi awiri, wapamwamba ndi wapansi, ndipo sayenera kuyaka limodzi ngakhale kamodzi. Pakati pa kuzima kwa wina ndi kuyaka kwa mnzake timasiya kampata kotchedwa dead time. Kampata kanga kanali kochepa, ndipo phokoso la magetsi lomwe timawaya tija tinkatola linayatsa siwichi yomwe inayenera kukhala yozima. Mphamvu yonse ya ma capacitor inadutsa pamenepo. Mu Simulink, pulogalamu yoyerekezera makina pa kompyuta, zimenezi sizioneka, chifukwa waya wa mu kompyuta alibe utali. Bambowa anandiphunzitsa kufupikitsa njira ya gate, kuika chitetezo chozimitsa msanga current ikalumpha, kuyesa ndi power supply yoika malire a current, komanso kuyeza ndi differential probe m'malo mwa probe wamba wa oscilloscope, amene kachipanira kake kamalumikizana ndi earth. Zomwe ndinaphunzira kwa iwo m'masabata amenewo sindinazipeze m'pepala lililonse. Mukafika mu labu, apatseni ulemu akatswiri amenewa ndipo aonetseni bolodi lanu musanalitumize kokapanga.

Chaka cha 2023 chinalinso choipitsitsa pa load shedding, kuzimitsa magetsi mosinthana madera, ku South Africa. Magetsi ankazima pafupifupi tsiku lililonse, ndipo kawirikawiri ankafika pa stage 6, kutanthauza kuti achotsa ma megawati 6,000, oposa kakhumi mphamvu yonse yomwe Malawi ankapanga nthawi imeneyo. Jenereta ya pakampasi inkayatsa mababu ndi makompyuta, koma benchi yoyesera mota sankalola kuti tiyatse. Ndinkayang'ana ndandanda pafoni n'kumagwira ntchito nthawi yomwe magetsi alipo, ngakhale pakati pa usiku. Kuyenda pansi usiku mumzinda umenewu n'koopsa, ndiye ndinkagona mu labu momwemo mpaka kuche.

Pofika pakati pa chakacho ndinali ndi inverter yokonzakonza, deta yopanda ntchito, ndi machaputala awiri okha. Anzanga omwe tinayambira limodzi anali akulemba zotsatira. Ndinasiya kupita kutchalitchi, mafoni akumudzi ndinkawayankha mwachidule, ndipo ndinafika poyang'ana mtengo wa tikiti ya basi yobwerera. Amene anandigwira ndi mayi akunyumba. Anandiuza kuti, "Bambo, musanagule tikitiyo, aprofesawo mwawauza zonse mmene mwandiuzira inemu?" Zoona zake ndinali ndisanawauze. Nthawi zonse ndikakumana nawo ndinkati zikuyenda pang'onopang'ono.

Ndinapita n'kuwayalira zonse, za deta, za bolodi, za ndalama. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anatenga proposal yanga n'kuyamba kudula ndi cholembera. Anati ndinadzisenzetsa ntchito ya PhD, pomwe masters imafuna funso limodzi loyankhidwa bwino. Zomanga inverter yanga zinathera pomwepo. Anandipatsa inverter ya labu yomwe inali yoyesedwa kale, mota ya 2.2 kW, ndi chitsulo cholemera chomangirira pa shafiti kuti chifanane ndi kulemera kwa nyundo za chigayo. Funso linatsala limodzi: ndi njira iti yodzutsira mota imene imalola inverter yaing'ono kupirira osazima. Ndinatuluka mu ofesimo ndili ndi chisoni kuti ntchito ya miyezi yambiri yapita, komanso kwa nthawi yoyamba ndinaona pothera.

Kuchokera apo zinthu zinayenda. Ndinayerekeza kudzutsa mota mwachindunji, kudzutsa ndi soft starter, ndi kudzutsa ndi VFD, imene imakweza voteji ndi frequency pang'onopang'ono. Soft starter imachepetsa current koma imachepetsanso mphamvu yozungulitsira, choncho chigayo chiyenera kudzuka chopanda chimanga m'kati. VFD inasunga current pafupi ndi mlingo wa nthawi zonse, ndipo inverter sinagwedezeke. Kuika VFD pachigayo kumatsika mtengo kusiyana ndi kugula inverter yaikulu yongodikira masekondi ochepa amenewo. Zotsatirazi ndinazilemba m'pepala lomwe ndinakaliwerenga ku SAUPEC, msonkhano wa mayunivesite a kum'mwera kwa Africa wa zamagetsi, mu Januwale 2024. Dipatimenti yathu inkafuna pepala limodzi lotere thesisi isanaperekedwe. Funsani lamulo limeneli chaka choyamba, chifukwa misonkhano ili ndi masiku ake otsekera.

Koma nthawi inali itandithera. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Miyezi 24 ya bursary inatha mu Januwale, thesisi ili theka. Pulojekiti ya aprofesa inali itatsekedwa, ndipo chomwe anatha kundipezera chinali ganyu yothandiza ophunzira a chaka chachiwiri mu labu. Viza ya maphunziro imalola kugwira ntchito maola osaposa 20 pa sabata, ndipo malipiro ake ankakwana lendi ndi chakudya basi. Fizi ya chaka chachitatu, ndalama ya wophunzira wakunja, medical aid ina ndi kukonzanso viza, zonsezi anandibwereka amalume anga atagulitsa ng'ombe, pa nthawi yomwe kwacha iliyonse inkagula marandi ochepa kuposa kale. Kupempha kumeneko kunandilemera kuposa china chilichonse pa ulendo wonsewu.

Viza imafunika kufunsiranso kutatsala masiku 60 kuti ithe. Ndinatero, koma yankho linachedwa, yakale n'kutha ndili ndi lisiti lokha m'manja. M'nyengo imeneyo amayi anga anagonekedwa m'chipatala. Kutuluka m'dzikomo viza itatha kungathe kuchititsa kuti akuletseni kulowanso kwa chaka kapena kuposerapo, ndipo ine sindinafune kutaya zonse kumapeto. Ndinakhala, ndikumva za matenda awo pa foni kuchokera kwa alongo anga. Anachira, Mulungu alemekezeke, koma masabata amenewo sindinalembe ndime ngakhale imodzi. Pofunsira viza yoyamba, pemphani yunivesite kuti kalata yanu itchule nthawi yaitali yomwe malamulo awo amalola, ndipo pasipoti ikhale ndi zaka zokwanira.

Thesisi ndinaipereka mu Julayi 2024. Isanapite imadutsa mu Turnitin, pulogalamu yofufuza ngati mwakopera zolemba za ena, ndiye musamakopere ziganizo za eni mu manotsi anu ngakhale mukuti mudzazisintha pambuyo pake. Ndinkalemba ndi pulogalamu ya LaTeX, mabuku ndi mapepala ndikusunga mu pulogalamu ya Zotero, ndipo mafayilo onse oyeza ndinkawasunga malo awiri madzulo aliwonse. Ikaperekedwa imapita kwa oyesa, mmodzi wa iwo wakunja kwa yunivesite, ndipo amatenga miyezi. Kudikira kumeneku simufunika kukhala ku Johannesburg mukulipira lendi. Ine ndinabweza makiyi n'kukwera basi, zokonza zomwe oyesa anapempha ndinazichita ndili ku Blantyre, ndipo zinavomerezedwa chaka chisanathe. Ku mwambo wolandira digiri sindinapite chifukwa cha ndalama. Satifiketi inabwera pa courier.

Nditabwera ndinkayembekeza kuti ntchito zindipeza zokha. Sizinatero. M'ma intavyu ankafunsa zaka zomwe ndagwira pa saiti, mapulojekiti omwe ndinayendetsa, komanso ngati ndinalembetsedwa ku Malawi Engineering Institution. Masters siilowa m'malo mwa kulembetsedwa kumeneko, ndipo zaka zomwe ndinali kusukulu anzanga anali akuonjezera luso lomwe limawerengedwa. Amene amaiona digiriyi ndi mtengo wake ndi mayunivesite, mabungwe a kafukufuku, ndi makampani omwe akumanga minda ya sola yokhala ndi mabatire ngati ija ya ku Golomoti. Pano ndimagwira ntchito yojambula magridi ang'onoang'ono, ndipo madzulo ena ndimaphunzitsa. Mwezi uliwonse gawo la malipiro limapita kwa amalume, ndipo mapepala ofunsira kulembetsedwa ngati injiniya wovomerezeka ndikusonkhanitsa panopa.